Tchuthi ca Masiku Anai: Phiri Kapena Mtsinje?

Nkhani yokambidwa pa wailesi m'Cinyanja kwa anthu a m'migodi ndi a m'tauni

Caka ndi caka, mwezi wa June ukamapita kumapeto, anthu a ku Bwacha, ku Chowa, ku Kasanda ndi m'makomboni ena a Kabwe amayamba kuwerenga masiku. Lolemba loyamba la mwezi wa July ndilo Heroes Day, tsiku lokumbukira ngwazi za dziko, ndipo Laciwiri lace ndilo Unity Day, tsiku la umodzi. Kuonjezapo Loweruka ndi Lamulungu, munthu wa nchito apeza masiku anai ondondozana akupumula. Ena amapita kumudzi kukaona makolo, ena amatsala pakhomo kukonza denga, enanso malipiro ao onse amathera m'nyumba za mowa. Koma kulinso anyamata ndi atsikana, ngakhale abambo ndi amai a misinkhu, amene afuna kuona dziko lao ndi maso ao, kukwera mapiri ndi kuyenda pa mitsinje ya mkokomo m'mabwato a mphira, monga acitira alendo ocokera kutsidya kwa nyanja.

Cifuniro cimeneci ndi cabwino ndithu, pakuti dziko ili ndi lao. Bvuto liri pakuti ambiri afuna kucita zonse ziwiri pa tchuthi cimodzi, ndipo akuluakulu anati mapanga awiri abvumbwitsa. Kwa munthu wa ku Kabwe, mapiri ali kum'mawa, pafupi. Mtsinje wa mabwato a mphira uli kumwera, kutali. Ndiponso nyengo yoyenera phiri siiri nyengo yoyenera mtsinje. Wokonza ulendo wanzeru asankha cimodzi pa tchuthi ici, nasunga cinzace kufikira tchuthi cina.

Dziko la kum'mawa kwa Kabwe

Mlendo wofika m'Kabwe saona phiri lenileni. Timapiri tija timene T. G. Davey anapezamo mtobvu ndi zinki m'caka ca 1902, nachula malowo Broken Hill, tinakumbidwa kale ndi anthu a mgodi. Mgodiwo unatsekedwa m'caka ca 1994, ndipo unasiya pfumbi la mtobvu limene libvutitsa ana kufikira lero. Komatu unasiyanso cinthu cina: maiwe akuru ndi miseu yolowa kuthengo. Pofuna magetsi, eni mgodi anatseka mtsinje wa Mulungushi pa mtunda wa makilomita ngati 50 kucokera m'tauni, ndipo damulo linatsegulidwa m'caka ca 1925 ndi Prince of Wales. Pambuyo pace anamanga nyumba ina ya magetsi pa mtsinje wa Lunsemfwa, ndi damu la Mita Hills m'zaka za m'ma 1950. Miseu imene akapitao ndi amisiri a magetsi anayendamo ndiyo ifikitsa munthu wa lero ku mapiri.

Mapiri amenewa ndi a mtundu wina. Kabwe ali pa dziko lokwera, mamita pafupifupi 1,200 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo kum'mawa dzikolo liduka mwadzidzidzi, nkutsikira ku cigwa cotentha ca Luano. Mtsinje wa Lunsemfwa, pofuna njira yotsikira ku cigwaco, unaboola miyala kwa zaka zosawerengeka, nusiya cigwembe cacikuru cimene Azungu anacicha Wonder Gorge. Kutalika kwace ndi makilomita ngati 20, ndipo kuya kwace ndi mamita ngati 300. Malo oonerapo bwino ndi Bell Point, pafupi ndi pamene mtsinje wa Mkushi ukomana ndi Lunsemfwa. Malo amenewa ndi amodzi a malo osungika a boma, oyang'aniridwa ndi National Heritage Conservation Commission. Potuluka m'cigwembemo Lunsemfwa alandira madzi a Mulungushi ndi a Lukusashi, nakathira mu Luangwa, ndipo Luangwa akathira mu Zambezi.

Kutsika kuyamba, kukwera kutsiriza

Pa phiri la masiku onse munthu ayamba ndi kukwera m'mamawa akali ndi mphamvu, ndipo madzulo atatopa angotsetsereka kubwerera. Ku Lunsemfwa zinthu ziri motembenuka. Galimoto iima pamwamba, munthu atsika mosekera, miyendo iri yopepuka ndi botolo la madzi liri lodzala. Tsono pobwerera ndipo ayamba kukwera, dzuwa litakula, maondo atalema ndi madzi atatha. Anthu a pa mgodi adziwa kuya kwa mamita 300, cifukwa ambiri a iwo anatsika koposa pamenepo. Koma pa mgodi pali cikepe cowatulutsa. M'cigwembe mulibe cikepe, ndipo aliyense atuluka ndi miyendo yace.

Cifukwa cace oyenda m'zigwembe ali ndi lamulo lao: kukwera kudya nthawi yowirikiza kawiri ya kutsika. Amene atsika maora awiri adziwe kuti adzakwera maora anai. M'mwezi wa July dzuwa lilowa 6 koloko isanakwane, ndipo m'kati mwa cigwembe mdima ufika msanga koposa pamwamba. Motero gulu lipangane ora lobwerera lisanayambe kutsika, ndipo ora lija likakwana onse atembenuke, ngakhale madzi a mtsinje aoneke pafupi ngati ofika ndi dzanja. Sikuli kofunika kuti aliyense afike pansi. Kuyenda m'mphepete mwa phompho, kuyang'ana ziombankhanga ziri kuuluka kunsi kwa mapazi a munthu, ndi ulendo wokwanira kwa okalamba ndi ana.

Mwezi wa July uyenera ulendo umenewu pa zifukwa zitatu. Coyamba, mvula inaleka m'mwezi wa April, ndipo miseu ya dothi yauma; pa tchuthi ca Pasaka miseu yomweyo imakhala ya matope ndi timitsinje todzala. Caciwiri, kunja kuli kozizira, kotero kuti munthu akhoza kukwera wosakomoka ndi kutentha. M'mwezi wa October miyala ya m'cigwembe itentha ngati ciwaya. Cacitatu, udzudzu ucepa m'nyengo ya cisanu. Komabe usiku kumazizira kwambiri pamwamba pa phompho, ndipo wopita ndi bulangete limodzi lopyapyala adzacezera kuotha moto.

Kagawidwe ka masiku anai

Loweruka ndi la ulendo wokha. Mseu wa ku Bell Point ndi wa dothi, upitirira makilomita 100, ndipo cigawo cotsiriza ndi kanjira ka m'thengo kofuna galimoto yolimba ndi yokwera. Anyamuke mbandakuca, atatenga mafuta okwanira kupita ndi kubwera, tayala lapadera, jeke ndi pampu, pakuti kumeneko kulibe garaji. Magalimoto awiri aposa imodzi, cifukwa ina ikafa ina ikaitana cithandizo. Afike dzuwa likali pamwamba, kuti amange misasa ndi kutola nkhuni kukali koyera.

Lamulungu ndilo tsiku la mapiri. Lolemba ayambe kubwerera, ndipo amene mtima wao uli pa madzi akhoza kugona ku damu la Mulungushi, kumene kuli madzi odekha, kalabu ya mabwato ndi asodzi odziwa dziwelo. Pamenepo munthu aphunzira kugwira nkhafi ndi kukhala bwino m'bwato popanda mkokomo womuopsya. Laciwiri afike kunyumba masana, ndi kupumula. Tsiku lotsirizali lisadzazidwe ndi zocita, pakuti ndilo tsiku losungira tsoka: tayala likaphulika, kapena mnzao akabinya phazi, nthawi yokonzera icokera pamenepo. Wogwira nchito ya mashifiti akumbukenso kuti ng'anjo ndi mapampu sizidziwa tchuthi. Apemphe cilolezo kwa kapitao wace masabata angapo tsiku lisanafike, ndipo adziwe bwino ora limene ayembekezeka pa cipata Lacitatu.

Safunsa anadya phula

M'madera amenewa mukhala Alenje, Aswaka ndi Alala, ndipo ndiwo eni njira. Gulu likafika pa mudzi wotsiriza liyambe kwa mfumu ya mudzi, kupereka moni ndi kufotokoza za ulendo wao, ndi kupempha munthu wowatsogolera amene adzamlipira monga mwa pangano. Cilala ndi Ciswaka zifanana ndi Cibemba, cimene anthu a ku Kabwe acidziwa, kotero kumvana sikubvuta. Mtsogoleri wa pamudzi adziwa potsikira, adziwa kasupe amene saphwa, adziwa dziwe la ng'ona ndi tchire la citedze, adziwanso manda ndi malo a mizimu kumene mlendo sayenera kuponda. Mapu a m'lamya ya m'manja sadziwa zimenezi, ndipo m'cigwembe lamyayo kawirikawiri siigwira konse.

Pa mgodi palibe munthu atsika pansi dzina lace losalembedwa, ndipo shifiti ikatha amawerenga otuluka kufikira onse atakwanira. Mwambo womwewo utengedwe ku thengo. Asananyamuke alembe pa pepala maina a onse, nambala ya galimoto, njira imene adzadzera ndi tsiku lobwerera, ndi kusiya pepalalo kwa munthu wokhulupirika, atamuuza kuti Laciwiri likada asanaoneke akanene ku polisi. Pa njira, wamphamvu koposa onse akhale pambuyo, ndipo liwiro la gulu likhale la munthu wofooka. Awerengane ponyamuka, popumula ndi pofika.

Katundu

Katundu wolemera ndiye mdani wa wokwera phiri, koma pali zinthu zosati nkusiya. Coyamba ndi madzi: munthu mmodzi afuna malita atatu kapena anai pa tsiku la kuyenda, ndipo madzi a mumtsinje awiritsidwe asanamwedwe. Zakudya zikhale zopepuka ndi zosabvunda msanga, monga ufa, kapenta, mtedza wokazinga, mbatata, buledi, tiyi, shuga ndi mcere. Nsapato zikhale zozolowera phazi. Nsapato zatsopano ndi majombo a pa nchito zitulutsa matuza, ndipo thuza limodzi likhoza kuimitsa gulu lonse. Nyali ya pamutu, cipewa, juzi, masikito, macesi, mpeni, cingwe colimba, mabandeji ndi mankhwala otsukira zironda zisatsale. Mowa utsale kunyumba, pakuti phompho siliseka ndi woledzera.

Moto ausamale koposa zonse. M'mwezi wa July udzu wauma, ndipo kanyenyeswa kamodzi ka fodya kakhoza kubutsa lupsya lotentha minda ndi nkhokwe za anthu amene anawalandira bwino. Asonkhe moto pa malo osesa, nauzime ndi madzi kapena dothi pocoka. Mabotolo, zitini ndi mapepala abwerere nazo ku tauni.

Madzi a Lunsemfwa

Wina akaona mtsinje uli kuthamanga pansi pa cigwembe adzati, nanga bwanji osagula bwato la mphira ndi kutsika nao pomwepa? Yankho ndi lakuti Lunsemfwa suli mtsinje wophunzirirapo. Munthu akalowa pakati pa makoma aja potulukira ndi posowa, ndipo wobvulala afunika kunyamulidwa pa mapewa mamita mazana atatu kukwera, asanayambe ulendo wautali wa ku cipatala. Ndiponso madzi a mtsinjewu alamulidwa ndi damu la Mita Hills ndi nyumba ya magetsi. Akatsegulidwa kumtunda, akhoza kukwera kunsi kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Cifukwa cace palibe ayenera kumanga msasa pa mcenga wa m'mphepete mwa madzi, kapena kuoloka kupita tsidya lina wosaganiza za pobwerera.

Ngakhale pa madzi odekha a Mulungushi pali malamulo. Aliyense wokwera bwato abvale jekete yoyandamitsa, wodziwa kusambira ndi wosadziwa yemwe. Bwato lisadzazidwe koposa muyeso wace, ndipo pasakhale woimirira kapena wosinthana malo pakati pa dziwe. M'miyezi ya July ndi August mphepo imakula, kotero ayende m'mamawa ndi kutsata gombe. Afunse asodzi za ng'ona ndi mvuu, ndipo asasambe m'madzi oima a m'mabango, mmene mukhala nkhono za likodzo.

Mtsinje wa mabwato a mphira

Masewera enieni a mabwato a mphira m'Zambia ali ku Livingstone, pa Zambezi, kunsi kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya amene Azungu anawacha Victoria Falls. Madzi atagwa mamita oposa 100 apanikizika m'cigwembe ca Batoka, nathamanga pa miyala ndi mafunde otalika koposa munthu. Oyamba kutsika pamenepo ndi mabwato a mphira anali a gulu la Sobek la ku America, m'caka ca 1981, ndipo kuyambira pomwepo nchito imeneyi yalemba anyamata ambiri a ku Livingstone, amene tsopano ali akatswiri otsogolera mabwato. Malo a mkokomo anawapatsa manambala, kuyambira pa Boiling Pot pafupi ndi ulalo wa njanji wa 1905, ndipo apitirira 20. Pa dziko lonse ukali wa madzi otere auyesa kuyambira 1 kufikira 6, ndipo ena a pa Batoka afika pa 5. Pa nambala 9 alendo amatsika ndi kuyenda pa miyala, cifukwa madzi ace ndi oopsya koposa.

Nyengo ya mtsinje umenewu idabwitsa anthu ambiri. Mvula ya ku Angola ndi ya kumpoto ca kumadzulo kwa Zambia iyamba yadzaza dambo lalikuru la Barotse, kumene Alozi acitira mwambo wa Kuomboka, ndipo icedwa kumeneko isanatsike. Motero madzi acuruka koposa pa Mosi-oa-Tunya ca m'mwezi wa April, mvula iri kutha kale, ndipo pa nyengo imeneyo mabwato kawirikawiri amaimitsidwa. M'mwezi wa July madzi akali ambiri, ndipo nthawi zambiri ulendo uyambira pakati, kusiya cigawo ca kumtunda. Kuyambira ca m'mwezi wa August kufikira December madzi acepa, miyala ionekera, mafunde akula, ndipo bwato linyamukira pa nambala 1 penipeni. Iyi ndiyo nyengo yace.

Tsono awerenge mtunda. Kucokera ku Kabwe kufika ku Lusaka ndi makilomita ngati 140, ndipo kucokera ku Lusaka kufika ku Livingstone ndi makilomita oposa 470. Pamodzi apitirira 600, ndiko kuti tsiku lathunthu pa basi kupita, ndi tsiku lathunthu kubwera. Amene afuna kuika Bell Point ndi Batoka m'masiku anai omwewo adzathera tchuthi conse pa mseu, adzayendetsa galimoto usiku ali ndi tulo, ndipo adzalowa m'bwato thupi litatopa kale. Koma tchuthi ca alimi, Farmers' Day, cimene cikhala Lolemba loyamba la August, cipatsa masiku atatu okwanira bwino: Loweruka kupita, Lamulungu pa madzi, Lolemba kubwerera. Tsiku la ufulu, 24 October, likagundana ndi mapeto a sabata licitanso cimodzimodzi, kungoti kutentha kwace ndi kwakukuru. Popeza madzi sakwera ndi kutsika mofanana zaka zonse, ndi bwino kufunsiratu ku Livingstone tikiti ya basi isanagulidwe.

Mtengo wa ulendo wa pa Batoka ndi wokwera, ndipo kawirikawiri uchulidwa m'madola a ku America. Wofuna kupita afunse ngati pali mtengo wa eni dziko, ndipo abwenzi akhoza kucita cilimba miyezi ingapo kuti ndalama ya cakudya ca ana isakhudzidwe. Asankhe kampani ya cilolezo, imene ipatsa munthu aliyense cisoti colimba ndi jekete yoyandamitsa, iphunzitsa malamulo bwato lisanalowe m'madzi, ndi kukhala ndi timabwato ta opulumutsa totsagana nao. Makampani ambiri salandira ana osakwana zaka 15. Wodwala mtima, mai woyembekezera ndi munthu wa msana wobvuta asayese.

Mabwato amagubuduzika pa Batoka, ndipo ici siciri cacilendo. Wogwera m'madzi agone cagada, mapazi atalozetsa kumene madzi apita, kuti akagunda mwala agunde ndi mapazi. Asayese kuimirira m'madzi othamanga, pakuti phazi likakodwa pakati pa miyala mtsinje umgwetsa cafufumimba ndi kummiza. Amvere mau a mtsogoleri monga amvera kapitao pa nthawi yophulitsa miyala. Ndipo akumbuke kuti Batoka nayenso ndi cigwembe: ulendo wa pa madzi ukatha, patsala kutuluka m'phompho lakuya, manja atalema ndi nkhafi.

Pobwera

Ulendo sutha pa tsiku lofika kunyumba. Amene amva kutentha thupi, mutu kapena kuphwanya m'masabata otsatira athamangire ku cipatala kukapimitsa malungo, nanene kumene anapita. Woona magazi m'mkodzo acite cimodzimodzi, cifukwa likodzo liri ndi mankhwala ace ndipo licira likagwidwa msanga.

Mapiri a Lunsemfwa ndi madzi a Zambezi zinalipo mgodi usanakumbidwe, ndipo zidzakhalapo caka ca mawa ndi ca mkuja. Palibe cifukwa cozithamangira zonse pa tchuthi cimodzi. July akhale wa phiri, August kapena October akhale wa mtsinje. Anthu a pa mgodi amati shifiti yayenda bwino pamene onse amene anatsika atuluka, ndipo ulendo wa tchuthi uyesedwa ndi muyeso womwewo: maina onse amene analembedwa pa pepala Loweruka ayankhe pa nchito Lacitatu m'mamawa.